Mmene mungatumizire lenzi, maikulosikopu kapena magalasi oonera patali kunja kuti akakonze

Lenzi yanga yaitali, imene ndimajambulira akwati ali kuguwa ine ndili kumbuyo kwa tchalitchi, inagwa pasimenti Loweruka lina nthawi ya perekaniperekani. Poiona kunja inali bwinobwino, galasi losasweka. Koma kuyambira tsiku limenelo chithunzi chilichonse chinkaoneka bwino mbali imodzi, mbali inayo chili mbuu. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wokonza mafoni ndi mawailesi, munthu waluso ndithu pa ntchito yake, ndipo anaitsegula. Magalasi anawabwezera monga anawapezera, koma vuto linakula ndipo fumbi linalowa mkati. Mapeto ake ndinaitumizabe kunja, ndipo ntchito yokonza inachuluka chifukwa inali itatsegulidwa kale.

Malangizowa ndi a anzanga ojambula zithunzi muno mu Blantyre, a anthu operekeza alendo kukaona mbalame ku Liwonde, Majete kapena Lengwe, a ogwira ntchito mu labu, ndiponso a masaveya amene total station yawo, makina oyezera malo, yayamba kunama. Mfundo yaikulu ndi yakuti mapepala ayambe, katoni ibwere pambuyo. Chida chotuluka m'dziko muno popanda umboni wakuti ndi chanu ndipo chikupita kukakonzedwa, pobwera chimaoneka ngati katundu amene mwangogula kumene.

1. Dziwani vuto, koma musatsegule

Mkati mwa lenzi muli magalasi ambiri, ena oposa khumi, ndipo onse amayenera kukhala pa mzere umodzi. Limodzi likasuntha pang'ono, mwina mosaoneka n'komwe ndi maso, chithunzi chimasokonekera. Kuwabwezera pamzere kumafuna makina oyezera amene amakhala kwa opanga kapena kwa amisiri amene opangawo anawavomereza. Magalasi ambiri oonera patali amawathira mpweya wa nitrogen n'kuwamata kuti chinyezi chisalowe, ndiye mukangomasula, chitetezo chimenecho chatha.

Pali zimene mungayese nokha kunyumba. Ngati ndi lenzi, matani tsamba la nyuzipepala pakhoma, muimike kamera molunjika, mujambule, kenako muone ngati zilembo za m'makona onse anayi zikuwerengeka mofanana. Ngati ndi magalasi oonera patali, yang'anani waya wa magetsi kapena denga la nyumba ili kutali, muzitsinzina diso limodzi kenako linalo. Waya ukamakwera ndi kutsika, kapena mukamaona zinthu ziwiriziwiri mpaka mutu kuwawa, ndiye kuti ma prism, magalasi a mkati okhotetsa kuwala, asuntha.

Kenaka tengani tochi muunike kudzera m'galasi muli m'chipinda cha mdima. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku. Kuno chimavuta kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, komanso masiku a chiperoni pamene chida chatsekeredwa m'chikwama chonyowa. Chuku chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene amakuta pagalasi, ndipo ngakhale achipukute chipsera chimatsala. Makampani ena salandira n'komwe chida cha chuku poopa kuti chingafalikire m'malo awo ogwirira ntchito. Ndiye ngati chilipo, muwauze musanatumize.

Kwa a mu labu, musathamangire kunyamula maikulosikopu yonse. Nthawi zambiri vuto limakhala mu objective imodzi (lenzi yoyandikira chinthu chimene mukupima), makamaka ya 40x imene yakhudza mafuta oyenera ya 100x, mafutawo n'kulowa mkati. Babu, fyuzi ndi kupukuta, amisiri a zipangizo za chipatala amakwanitsa konkuno. Objective yotha ntchito kawirikawiri kugula ina kumatchipa kusiyana ndi kukonzetsa.

2. Werengani ndalama musanalonjeze aliyense

Lembani papepala zinthu izi: mtengo wotumizira, inshuwalansi, ndalama yoyezera chida imene makampani ambiri amalipiritsa ngakhale mutakana kukonzetsa, mtengo wokonzera, mtengo wobwezera kuno, msonkho, ndi malipiro a ejenti woombola katundu. Mukaphatikiza, yerekezani ndi mtengo wa chida chofanana nacho chogwiritsidwapo kale ntchito. Ine ndimati zonse zikadutsa theka la mtengo wa chatsopano, ndimayamba kuganiza kawiri. Lenzi yaing'ono imene imabwera ndi kamera pogula, kapena magalasi oonera patali otchipa a m'sitolo, si zotumiza kunja. Lenzi imene mumapezera ndalama, total station, kapena magalasi a Swarovski, Zeiss ndi Leica, zimenezo inde.

Kumbukiraninso masabata amene mudzakhale opanda chida. Wojambula asatumize lenzi yake yokhayo pamene maukwati ali pakalikiliki asanapangane ndi mnzake womubwereka.

3. Lemberani kampani, mudikire yankho

Musatumize kanthu asanakuuzeni kuti tumizani. Pitani pa tsamba lenileni la kampaniyo pa intaneti, mupeze gawo la zokonza, mulembe imelo yaifupi m'Chingerezi chosavuta. Mutchule mtundu wa chida, serial number, kumene munagula ndi chaka chake, chimene chinachitika, ndi chimene chikuoneka tsopano. Muikepo zithunzi za chidacho ndi zithunzi zoonetsa vutolo. Nenani zoona. Ngati chinagwa, nenani kuti chinagwa. Ngati wina anatsegulapo, nenaninso. Amisiri amadziwa akangoona zomangira zokalika, ndipo kubisa kumangochedwetsa ntchito.

Funso lofunika kwambiri mu imeloyo ndi lakuti: ndili ku Malawi, nditumize kuti? Sikuti chilichonse chimapita ku fakitale. Canon ndi Nikon ndi makampani a ku Japan, koma ife a kum'mwera kwa Africa kuno nthawi zambiri amatilozera kwa amisiri awo ovomerezeka a ku South Africa, kumene ndi kufupi komanso kotchipa. Swarovski Optik ili ku Absam m'dziko la Austria, Leica ya makamera ili ku Wetzlar ku Germany, pamene Leica Geosystems ya zida za masaveya ndi kampani ina ndipo ili ku Heerbrugg ku Switzerland. Dzina la Olympus nalo lisakusokonezeni. Makamera ake anapita ku OM Digital Solutions mu 2021, ndipo ma maikulosikopu anapita ku Evident mu 2022. Mukalembera kolakwika mungataye masabata.

Afunseninso ngati zipangizo za mtundu wa chida chanucho zikadalipo, chifukwa zida zakale amasiya kuzikonza. Funsani ngati walanti yanu ikugwira ntchito. Zida zambiri zimene tili nazo kuno zinabwera ndi achibale kuchokera ku Dubai, ku UK kapena ku America, ndipo walanti ya makamera kawirikawiri imagwira m'dera limene munagulalo basi. Komanso walanti silipira chida chimene chagwa kapena chalowa madzi.

Akavomera amakupatsani nambala ya ntchito, ambiri amaitchula kuti RMA, pamodzi ndi keyala yeniyeni yotumizira ndi fomu yoti mudzaze. Sindikizani zonsezi. Katoni yofika popanda nambala imeneyi ikhoza kukhala pakona osadziwika mwini wake.

4. Mapepala a kasitomu

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo mpamene ambiri timafulumira.

Malamulo a kasitomu amasiyanitsa katundu wotuluka kukagulitsidwa ndi katundu wotuluka kwa kanthawi kuti akakonzedwe n'kubwerera. Cholinga chanu n'chakuti chida chanu chilembedwe m'gulu lachiwirili chisanatuluke, serial number yake ili papepala, kuti pobwera msonkho uwerengedwe pa mtengo wa ntchito yokonza ndi zipangizo zimene aikamo, osati pa mtengo wa chida chonse. Popanda pepala lotulukira, wa kasitomu alibe njira yodziwira kuti lenzi ili m'katoniyi ndi yomweyo imene mwakhala nayo zaka zisanu. Iye amaona katundu wochokera kunja, ndipo amawerengera monga mwa lamulo.

Ndiye musanamate katoni, pitani ku ofesi ya kasitomu ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka woombola katundu. Likulu la MRA ndi Msonkho House muno mu Blantyre, ndipo katundu wa pandege amaonedwa ku bwalo la Chileka. Muwauze momveka kuti mukutumiza chida kukakonzedwa ndipo chidzabwerera, muwafunse kuti chilembedwe bwanji ndiponso kuti chiyenera kubwerera pasanathe nthawi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula. MRA imagwiritsa ntchito dongosolo la pa kompyuta lotchedwa ASYCUDA World, ndipo amene amalowetsamo zikalata ndi maejenti. Makampani otumiza katundu ali nawo maejenti awo, koma musaganize kuti mnyamata wa pakauntala adziwa yekha zimene mukufuna. Nenani ndi pakamwa, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa. Pitani ndi chida chili chosamata kuti ngati akufuna kuona serial number aione.

Mapepala oti mukonze ndi awa. Loyamba ndi risiti yogulira, kapena pepala la msonkho la nthawi imene chidacho chinalowa m'dziko, ngati munasunga. Ngati chida ndi cha bungwe kapena sukulu, pakhale kalata ya bungwelo yotsimikiza kuti ndi chawo. Lachiwiri ndi imelo ya kampani yokhala ndi nambala ya RMA. Lachitatu ndi invoisi ya kasitomu, imene mumalemba nokha ngakhale simukugulitsa kanthu. Pa invoisiyi pakhale dzina ndi keyala yanu, keyala ya kampani, dzina lonse la chida, serial number, dziko limene chinapangidwa, mtengo wake, ndi mawu akuti "Temporary export for repair and return". Kulemba kuti "camera parts" kapena "gift" n'kudziputira mavuto mbali zonse ziwiri.

Adzakufunsaninso nambala ya gulu la katundu, HS code. Manambala anayi oyambirira ndi ofanana padziko lonse: 9002 ya malenzi, 9005 ya magalasi oonera patali, 9011 ya ma maikulosikopu, 9015 ya zida za masaveya, ndipo makamera a digito ali pa 8525. Manambala otsatira ejenti adzamaliza.

Pa mtengo, lembani mtengo weniweni wa chidacho lero monga chogwiritsidwa kale ntchito. Ena amachepetsa dala poganiza kuti akupulumutsa ndalama. Katoni ikasowa, inshuwalansi imalipira mtengo umene munalemba womwewo, ndipo kunama pa pepala la kasitomu ndi mlandu. Ngati chida ndi chodula kwambiri, monga total station, funsaninso ku banki yanu ngati pakufunika fomu ya CD1, imene imakhudza katundu wotuluka m'dziko.

Mapepala onsewa muwajambule ndi foni, muwafotokope kawiri. Seti imodzi ilowe m'katoni, ina ipite kwa otumiza, yeniyeniyo isungidwe kunyumba pamalo pouma. Mudzaifuna pakapita miyezi, pamene mwaiwala kale.

5. Kupakira

Yambani n'kujambula chidacho mbali zonse, serial number ikuoneka, kuti pakhale umboni wa mmene chinachokera m'manja mwanu.

Chotsani batire. Mabatire a lithium ali ndi malamulo akeake pandege, ndipo batire lotupa kapena lowonongeka saloleza n'komwe. Chotsani memory card, lamba, fyuluta ndi chikwama, pokhapokha kampani itanena kuti izi zibwere. Vindikirani lenzi kutsogolo ndi kumbuyo. Pa maikulosikopu masulani ma objective ndi ma eyepiece (magalasi oikapo diso), chilichonse chilowe m'kabotolo kake, ndipo mumange mbali zoyenda kuti zisamagwedere. Total station ipite m'bokosi lake lomwe inabweramo, bokosilo lilowenso m'katoni.

Ikani chida m'thumba la pulasitiki loyera pamodzi ndi timapaketi tiwiri kapena titatu ta silica gel woyamwa chinyezi, tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala, koma muyambe mwatiumitsa. Kulungani ndi bubble wrap kangapo. Musagwiritse ntchito chitenje chakale kapena thonje pafupi ndi galasi, chifukwa zimasiya ulusi ndi fumbi. Ikani m'katoni yaing'ono yolimba, mudzaze mipata yonse, kenako katoni imeneyo ilowe mu ina yokulirapo, pakati pake pakhale siponji kapena zofewa zokwana masentimita 5 mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe. Mukatha igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakuyenda, tsegulani muyambirenso. Katoniyo idzaponyedwa, idzasanjikizidwa ndi zina zolemera, ndipo mawu akuti "fragile" sangaiteteze ngati mkati muli mpata.

Koma musakulitse katoni mopanda chifukwa. Otumiza pandege amalipiritsa potengera kulemera kapena kukula, chimene chaposa chinzake. DHL imachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita n'kugawa ndi 5000. Katoni ya 40 x 30 x 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 7.2, ngakhale lenzi ili mkatimo ikulemera kilogalamu imodzi ndi theka. Mukaichepetsa kufika 35 x 25 x 25 imatsika kufika pafupifupi 4.4.

Lembani nambala ya RMA kunja kwa katoni ndi cholembera chachikulu. Tepi yomaliza mukamatire kwa otumiza, atatha kuona za mkati.

6. Njira yotumizira

Muno mu Blantyre mungatumize pa kampani ngati DHL, kapena pa EMS ya ku positi ofesi. Chilichonse chimene mwasankha, pakhale tracking number, pakhale kusainira polandira, ndipo mufunse kuti katundu akasowa kapena akasweka amalipira mpaka ndalama zingati. Popanda inshuwalansi yapadera, malipirowo amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa lenzi. Funsaninso kampani yokonzayo njira imene ikufuna, chifukwa ena ali ndi otumiza amene anazolowera kugwira nawo ntchito yoombola katundu kumbali yawo.

Pali njira imene tonse timaidziwa, yopatsira m'bale kapena mnzathu amene akupita ku Joni pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Ndi yotchipa, ndipo sindinganene kuti ndi yoipa nthawi zonse. Koma chida chiyende m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi kapena mu ngolo. Wonyamulayo akhale ndi mapepala onse aja, akachilembetse kwa a kasitomu pachipata potuluka, ndipo akafunsenso polowa ku South Africa. Mugwirizanenso kuti adzakachitenge ndani, popeza kukonza kungatenge nthawi yaitali kuposa ulendo wake. Ndipo mudziwe mumtima mwanu kuti chikasowa panjira palibe inshuwalansi, ndipo ubale umavulala.

Mukatumiza, lemberani kampani kuwauza tracking number.

7. Kotesheni ndi kulipira

Chida chikafika amachiyeza n'kukutumizirani kotesheni. Sayamba ntchito musanavomere. Iwerengeni modekha, ndipo ngati pali zimene alemba zongokongoletsa, monga kusintha chikopa cha kunja chimene chakalika, mutha kupempha kuti azichotse. Funsani kuti ntchito yawoyo ili ndi walanti ya miyezi ingati.

Kulipira ndiye phiri lina kwa ife. Ndalama zakunja n'zosowa, ndipo pempho lotumiza ndalama kudzera ku banki likhoza kudikira. Pitani ku banki tsiku lomwelo ndi invoisi ya kampani ndi pepala lotulutsira chida lija, ndipo muiuze kampaniyo mosabisa kuti ku Malawi kupeza ndalama zakunja kumatenga nthawi, kuti asaganize kuti mwachitaya chidacho. Kotesheni zambiri zimakhala ndi tsiku lothera. Mtengo uli mu euro, dola kapena randi, ndipo kwacha ikagwa inu musanalipire, ngongole yanu imakula. Amene anali ndi ngongole zakunja mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa ululu wake. Ngati muli ndi m'bale kunja amene angalipire ndi khadi lake, onetsetsani kuti nambala ya RMA yalembedwa pa malipirowo, ndipo invoisi ikhalebe m'dzina lanu.

A kampaniyo asanachitumize chidacho, apempheni zinthu ziwiri. Invoisi yobwera nayo ionetse serial number yomweija ndi mawu osonyeza kuti ndi katundu wobwerera atakonzedwa, ndipo mtengo wokonzera ulembedwe paokha, osauphatikiza ndi mtengo wa chida. Ngati m'malo mokonza asankha kukupatsani china, serial number idzasintha, ndiye alembe kalata yofotokoza zimenezo, inu mukaionetse kwa ejenti katundu asanafike. Masaveya apemphenso satifiketi ya calibration, yotsimikiza kuti chida chikuyeza molondola.

8. Chikafika

Mukangolandira tracking number yobwerera, pitani kwa ejenti kapena ku ofesi ya otumiza ndi pepala lotulutsira lija. Musadikire kuti akuimbireni, chifukwa katundu akalowetsedwa kale mu kompyuta ngati wogula kumene, kukonza zimenezo kumatenga masiku, ndipo ndalama yosungira katundu imakhala ikuwerengedwa. Konzekerani kulipira msonkho pa mtengo wokonzera, ndipo risiti yake muisunge pamodzi ndi mapepala ena onse, chifukwa chida chomwecho chikhoza kudzatulukanso.

Yang'anani katoni musanasaine. Ngati yaphwanyika kapena yanyowa, jambulani pomwepo ndipo zilembedwe pa pepala lolandirira. Mukafika kunyumba bwerezani mayeso aja, nyuzipepala pakhoma kapena waya wa magetsi, tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pakakhala vuto lemberani kampani nthawi yomweyo ndi zithunzi, walanti ya ntchito isanayambe kutha.

Lenzi yanga ija itabwera ndinagula bokosi la pulasitiki lotseka bwino, la mtundu wosungiramo zakudya, n'kuikamo silica gel wamitundu amene amasintha maonekedwe akakhuta chinyezi. Akasintha ndimamuumitsa mu uvuni pamoto wochepa n'kumubwezera. Nthawi ya mvula ndikachoka kojambula, ndimapukuta lenzi ndi kuisiya pamalo opita mphepo kwa ola limodzi ndisanaitsekere, ndipo chikwama chake chimagona padera.